Jambulani Dera Kaye: Kusintha Ndondomeko pa Double Integral

[Nyimbo yotsegulira, itsike pang'onopang'ono]

Nthawi ya masamu yakwana. Lero ndikulankhula makamaka ndi inu amene mwafika pa calculus ya zilembo ziwiri, x ndi y: ophunzira masamu, uinjiniya ndi sayansi ku Zomba, ku Blantyre, ku Mzuzu, ku Thyolo, ku Bunda, komanso inu amene mukuphunzira muli kunyumba. Aphunzitsi a ku sekondale, musatseke wailesi, pakuti zambiri zimene tikambe zatsamira pa magirafu amene mumaphunzitsa ana a Fomu 3 ndi Fomu 4. Pezani pepala, pensulo ndi rula. Bolodi lathu lero ndi pepala lanulo, ndipo ndizilankhula mofatsa kuti dzanja lanu lizinditsatira.

Tiyambe ndi funso. Lembani chizindikiro cha integral, chija chooneka ngati S wautali, kawiri motsatizana. Pa choyamba, pansi pake lembani 0, pamwamba pake 1. Pa chachiwiri, pansi pake lembani x, pamwamba pake 1. Kenako lembani e pawa y sikweya, ndiye kuti e, ndipo pamwamba pake chakumanja y wochulukitsidwa ndi y mnzake. Mutsirize ndi dy, kenako dx. Ndibwereze: kunja 0 mpaka 1, mkati x mpaka 1, e pawa y sikweya, dy dx.

Lamulo mukulidziwa, timayambira mkati. Integral yamkatiyo ikufuna function imene derivative yake ndi e pawa y sikweya. Yesani substitution. Mukati u akhale y sikweya, du akufuna 2y dy, koma y wapaderayo palibe. Yesani integration by parts. Mzere uliwonse umene mulembe ukhala wautali kuposa wapamwamba pake. Vuto si mutu wanu ayi. M'zaka za m'ma 1830, katswiri wa masamu wa ku France, Joseph Liouville, adatsimikiza kuti pali ma function ena amene integral yake singalembedwe ndi zida zathu za masiku onse, monga ma polynomial, ma log, ma sine ndi ma cosine, ngakhale mutazisakaniza motani. E pawa y sikweya ali m'gulu limenelo. Mukhoza kulimbana naye mpaka woyang'anira mayeso atanena kuti zolembera pansi, inu musanasunthe.

Komabe funsoli lili ndi yankho, ndipo likhoza kutuluka m'mizere itatu yokha. Kuti tione mmene limatulukira, lisiyeni kaye pamenepo, tipite kumunda.

Taganizani munda wa chimanga wobzalidwa monga alangizi amaphunzitsira: mbewu imodzi paphando, masentimita 25 pakati pa mapando, masentimita 75 pakati pa mizere. Mundawo uli ndi mizere 20, ndipo mzere uliwonse uli ndi mapando 40. Bambo mwini munda akufuna kudziwa kuti mapando onse alipo angati. Akuyenda motsata mzere, kuwerenga 40, kulowa mzere wina, 40 enanso, mpaka mizere yonse 20 itatha. Apeza 800. Mwana wawo akuti iye awerenga mopingasa. Akudumpha mizere, kuwerenga phando loyamba la mzere uliwonse, apeza 20. Abwerera, kuwerenga phando lachiwiri la mzere uliwonse, 20 enanso. Atero maulendo 40. Nayenso apeza 800. Palibe chodabwitsa, chimanga ndi chomwecho.

Koma minda yambiri si yolunjika chonchi. Tengani munda wa makona atatu, umene mtsinje udaudula mopendekeka mbali imodzi. Mizere yonse ikuyambira pa kanjira kowongoka, koma ikuthera mosiyana. Mzere woyamba uli ndi phando 1, wachiwiri mapando 2, wachitatu 3, mpaka wakhumi umene uli ndi mapando 10. Bambo aja, otsata mizere, poyambira pawo ndi pamodzimodzi nthawi zonse, pa kanjira paja. Chimene chikusintha ndi pothera, ndipo potherapo pakudalira mzere umene alimo. Aphatikiza 1, 2, 3 mpaka 10, apeza 55. Mwana uja zake ndi zina. Ulendo wake woyamba ukhudza mizere yonse 10. Koma pa ulendo wa nambala 7, mizere 6 yoyambirira ilibe phando la nambala 7. Ayenera kuyambira pa mzere wa nambala 7, kukathera pa wakhumi, mapando 4 okha. Kwa iye pothera ndi pamodzimodzi nthawi zonse, pa mzere wakhumi, ndipo chimene chikusintha ndi poyambira. Aphatikiza 10, 9, 8 mpaka 1. Nayenso 55.

Mwamva chimene chachitika? Yankho silinasinthe, koma poyambira ndi pothera zasinthiratu. Mwanayo akadangotenga malire a bambo ake n'kumati ulendo uliwonse ndiyambire pa mzere woyamba, bwenzi akuwerenga mapando m'madzi a mumtsinje.

Double integral ndi kuwerenga kotereku, kungoti mapando afupikirana mpaka kusasiya mpata, ndipo m'malo mowerenga mapando tikuphatikiza chimene malo aliwonse akupereka, ngati kuti tikuyeza kulemera kwa chimanga chimene phando lililonse labala. Function ndiyo imatiuza chimene malo aliwonse akupereka. Malire a ma integral awiri aja ndiwo amatiuza mmene munda wathu udakhalira. Munda umenewo pa masamu tiziutcha dera.

Tibwerere ku pepala. Musakhudze e pawa y sikweya. Yang'anani malire okha, ndipo muwawerenge ngati chiganizo. Akunja akuti: x ali pakati pa 0 ndi 1. Amkati akuti: pa x aliyense amene mwasankha, y akuyambira pa x, kukathera pa 1. Jambulani mzere wa x wogona ndi mzere wa y woimirira. Malire apansi a y ndi y wofanana ndi x, ndiye jambulani mzere wopendekeka wochokera pa 0, 0 kukafika pa 1, 1. Malire apamwamba ndi y wofanana ndi 1, ndiye jambulani mzere wogona pa msinkhu wa 1. Dera lathu lili pamwamba pa mzere wopendekeka uja komanso pansi pa mzere wogonawu, ndipo kumanzere latsekedwa ndi mzere wa y. Lili ndi makona atatu: 0, 0, kenako 0, 1, kenako 1, 1. Lidetseni ndi pensulo.

Ndikupatsani kanthawi kuti mujambule. Musadumphe gawo limeneli.

[Nyimbo yaifupi]

Ndakuumirizani kujambula chifukwa ndi pano pamene ophunzira ambiri amataya malikisi, ndipo amataya asanayambe n'komwe calculus. Ena amaona kujambula ngati ntchito ya ana, kapena ngati kutaya mphindi za mayeso. Ine ndikuti chithunzicho ndiye masamu enieni a funsoli. Zotsalazo ndi zimene mudaphunzira chaka choyamba.

Mkati mwa dera lanu jambulani kamzere koimirira, penapake pakati. Kalowa m'dera pa mzere wopendekeka, katuluka pa mzere wa y wofanana ndi 1. Umu ndi mmene funso lidalembedwera, dy poyamba, kuchokera pa x mpaka 1. Ndi kuyenda kwa mwana uja: poyambira pakusintha, pothera sipasintha. Tsopano jambulani kamzere kogona, kochokera kumanzere kupita kumanja, pa msinkhu wina uliwonse wa y. Kalowa pati? Pa mzere wa y, pamene x ndi 0. Katuluka pati? Pa mzere wopendekeka, pamene x akufanana ndi y. Choncho x akuyambira pa 0 kukathera pa y. Nanga timizere togonati tikuyambira msinkhu uti, kulekeza msinkhu uti? Kotsikitsitsa kali pa y wofanana ndi 0, kokwereretsa kali pa y wofanana ndi 1.

Lembani funso mwatsopano. Kunja 0 mpaka 1. Mkati 0 mpaka y. E pawa y sikweya. Kenako dx, kenako dy.

Tsopano integral yamkati ikutsata x, ndipo mu e pawa y sikweya mulibe x. Pa kamzere kogona kaja y sasintha, ndiye e pawa y sikweya ali ngati nambala wamba. Integral ya nambala kuchokera pa 0 mpaka y ndi nambalayo kuchulukitsa ndi kutalika kwa kamzere, komwe ndi y. Tapeza y kuchulukitsa ndi e pawa y sikweya. Mukumukumbuka y wapadera amene substitution inkamufuna? Ndi uyu, wachokera ku kutalika kwa kamzere. U akhale y sikweya, du ndi 2y dy, ndiye y dy ndi theka la du. Y akakhala 0, u ndi 0. Y akakhala 1, u ndi 1. Tatsala ndi theka la integral ya e pawa u kuchokera pa 0 mpaka 1. Yankho ndi e kuchotsa 1, zonsezo kugawa ndi 2. Popeza e ndi pafupifupi 2.718, yankho lili pafupifupi 0.859.

Ine kagawo kameneka sikanditopetsa ngakhale nditakafotokoza kangati. Zimene Liouville adatsimikiza zikadali zoona, integral ya e pawa y sikweya sitinaipeze ndipo sitidzaipeza. Kungoti funsoli silinkaifuna. Inkaoneka yofunika chifukwa cha mbali imene tidalowera.

Musanakhulupirire yankho, liyeseni. Dera lathu ndi theka la sikweya ya 1 mulitali ndi 1 mulifupi, ndiye kukula kwake ndi 0.5. M'dera lonselo e pawa y sikweya satsika kupitirira 1, ndipo sakwera kupitirira 2.718. Choncho yankho liyenera kukhala pakati pa 0.5 ndi 1.359. Lathu la 0.859 lili momwemo. Kuyesa kotere sikutha ngakhale mphindi imodzi, ndipo kumagwira zolakwa zambiri, makamaka mukaiwala theka lija kapena mukasokoneza chizindikiro chochotsera.

Mwina wina akuti, chabwino, koma njira yoyamba sitinathe kuimaliza, ndiye tidziwa bwanji kuti ikadapereka yankho lomweli? Funso labwino. Tiyese ndi function yofewa pa dera lomwelo. Chotsani e pawa y sikweya, muikepo x yekha. Njira yoyamba, dy kuchokera pa x mpaka 1: tipeza x kuchulukitsa ndi 1 kuchotsa x, komwe ndi x kuchotsa x sikweya. Integral yake kuchokera pa 0 mpaka 1 ndi 1/2 kuchotsa 1/3, yankho 1/6. Njira yachiwiri, dx kuchokera pa 0 mpaka y: tipeza theka la y sikweya. Integral yake kuchokera pa 0 mpaka 1 ndi theka la 1/3. Yankho 1/6. Zagwirizana.

Tsopano ndikuchenjezeni za cholakwa chimene chimapezeka m'mapepala a mayeso chaka ndi chaka. Wophunzira wamva kuti sinthani ndondomeko, ndiye angotembenuza dy dx kukhala dx dy, n'kunyamula zizindikiro ziwiri zija pamodzi ndi malire ake. Kunja kwakhala x mpaka 1, mkati 0 mpaka 1. Akamaliza, m'yankho mwake mwatsala x. Double integral pa dera lodziwika imapereka nambala. Mukaona chilembo pa malire akunja, imani pomwepo. Malire akunja azikhala manambala nthawi zonse. Malire amkati akhoza kukhala ndi chilembo, koma chikhale cha integral yakunja basi. Ena amachita mwanzeru pang'ono: asiya 0 ndi 1 kunja, ndipo mkati angofufuta x n'kulembapo y, kukhala y mpaka 1. Zimaoneka bwino papepala, koma jambulani muone. X kuchokera pa y mpaka 1 ndi dera la pansi pa mzere wopendekeka, theka lina la sikweya, munda wa eni ake. Pokhapokha dera likakhala la makona anayi owongoka, malire onse ali manambala, ndi pamene mukhoza kunyamula malire mmene alili.

Tione dera limene malire ake ndi okhota. Lembani: kunja x kuchokera pa 0 mpaka 2, mkati y kuchokera pa x sikweya mpaka 2x. Jambulani parabola ya y wofanana ndi x sikweya, ndi mzere wowongoka wa y wofanana ndi 2x. Zikumana pati? Pamene x sikweya akufanana ndi 2x, ndiye kuti pa x wofanana ndi 0 ndi pa x wofanana ndi 2. Pa x wofanana ndi 2, y ndi 4. Pakati pa malo awiriwa mzere wowongoka uli pamwamba, parabola ili pansi. Ngati mukukayika, yesani x wofanana ndi 1: parabola ikupereka 1, mzere ukupereka 2.

Jambulani kamzere kogona. Pochokera kumanzere, kayamba kukumana ndi mzere wowongoka, kenako katuluka pa parabola. Apa pakufunika kutembenuza ma equation kuti x akhale payekha. Y wofanana ndi 2x akutipatsa x wofanana ndi theka la y. Y wofanana ndi x sikweya akutipatsa x wofanana ndi square root ya y, yosakhala ya negative, popeza tili kumanja kwa mzere wa y. Choncho mkati x akuchokera pa theka la y kukafika pa square root ya y. Kunja y akuchokera pa 0 mpaka 4. Mwamva, mpaka 4, osati 2. Ndipo taonani kuti mzere wowongoka, umene unali malire omalizira, tsopano wakhala malire oyambira. Popanda chithunzi, zinthu ziwirizi n'zovuta kuzilota.

Kuti mutsimikize, function ikhale 1, kuti tipeze kukula kwa dera. Njira yoyamba: integral ya 2x kuchotsa x sikweya kuchokera pa 0 mpaka 2, ndiye 4 kuchotsa 8/3, yankho 4/3. Njira yachiwiri: integral ya square root ya y kuchotsa theka la y kuchokera pa 0 mpaka 4, ndiye 16/3 kuchotsa 4. Yankho 4/3.

Pali chifukwa chinanso chosinthira ndondomeko, ngakhale function itakhala yosavuta. Jambulani dera la makona atatu awa: 0, 0, kenako 2, 0, kenako 1, 1. Lili ndi nsonga pamwamba. Mukalidula ndi timizere toimirira, denga lake limasintha pakati: kuchokera pa x wofanana ndi 0 mpaka 1 denga ndi y wofanana ndi x, koma kuchokera pa 1 mpaka 2 ndi y wofanana ndi 2 kuchotsa x. Pafunika ma double integral awiri. Mukalidula ndi timizere togona, kalikonse kakulowa pa x wofanana ndi y, kutuluka pa x wofanana ndi 2 kuchotsa y, ndipo y akuchokera pa 0 mpaka 1. Imodzi yakwanira. Zimachitikanso mobwerera: mukasintha ndondomeko, integral imodzi n'kugawika pawiri. Musachite mantha zikatero. Paliponse pamene khomo lolowera kapena lotulukira la kamzere lasintha, dulani dera pamenepo.

Amene mukuphunzira uinjiniya, izi muzikumana nazo powerengera pakati pa kulemera kwa chinthu, komanso mphamvu ya mtanda wachitsulo kapena wakonkire pokana kupindika. Amene mukuphunzira za madzi, mvula yonse yogwa m'dera limene madzi ake amatsikira mu mtsinje wa Shire, kapena wina uliwonse, ndi double integral ya mlingo wa mvula pa dera limenelo. A statistics mudzazipeza pa zinthu ziwiri zochitikira pamodzi. Madera ake sakhala osalala ngati a m'buku, koma funso loyamba limakhala lomweli: kamzere kanga kalowa pati, katuluka pati?

[Nyimbo yaifupi]

Mpaka pano ndalankhula ngati kuti kusintha ndondomeko n'kololedwa nthawi zonse. Sizili choncho, ndipo ndikufuna mumve ndi makutu anu pamene kumakanika, chifukwa mabuku ena amangodutsapo.

Dera likhale sikweya wamba: x kuchokera pa 0 mpaka 1, y kuchokera pa 0 mpaka 1. Malire onse ndi manambala, palibe chosokoneza. Function ikhale fraction. Pamwamba lembani x sikweya kuchotsa y sikweya. Pansi lembani x sikweya kuphatikiza y sikweya, muzitsekere m'mabulaketi, ndipo bulaketi yonseyo ikhale pa pawa 2. Tiyambe ndi dy. Function imene derivative yake potsata y ikupereka fraction imeneyi ndi y kugawa ndi x sikweya kuphatikiza y sikweya; mukhoza kutsimikiza nokha ndi quotient rule pulogalamu ikatha. Kuika 1 ndi 0 kukutipatsa 1 kugawa ndi 1 kuphatikiza x sikweya. Integral ya imeneyo ndi arctan x, ndipo kuchokera pa 0 mpaka 1 ikupereka pi kugawa ndi 4, pafupifupi 0.785.

Tsopano yambani ndi dx. Simufunika n'kuwerengera komwe. Mukasinthanitsa x ndi y mu fraction ija, pansi sipasintha, koma pamwamba patembenuka chizindikiro. Choncho njira yachiwiri ipereka nambala yomweyo koma ya negative: negative pi kugawa ndi 4. Dera limodzi, function imodzi, palibe pamene talakwitsa, koma mayankho awiri otsutsana.

Chavuta chili pa kona ya 0, 0. Yendani pa mzere wa x molunjika konayo. Pamenepo y ndi 0, ndipo function ikhala 1 kugawa ndi x sikweya. Pa x wofanana ndi 0.1 ikupereka 100. Pa 0.01 ikupereka 10,000. Yendani pa mzere wa y, mupeza manambala omwewo koma a negative. Mukaphatikiza mbali ya positive yokha, pansi pa mzere wopendekeka, chiwerengero chimangokula osalekeza. Mukaphatikiza mbali ya negative yokha, nacho chimangotsika osalekeza. Ndiye tikuchotsa chopanda malire ku chopanda malire, ndipo chotsala chikudalira kuti mwatenga zingati uku musanatenge uko. Kumunda kuja izi sizingachitike, chifukwa mapando ndi owerengeka ndipo palibe phando lobala zopanda malire.

Akatswiri adazindikira msampha umenewu kale. Augustin-Louis Cauchy wa ku France, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, adaona kuti function ikaphulika penapake m'dera, njira ziwirizi zikhoza kusiyana. Koma lamulo lokwanira lidadikira mpaka Henri Lebesgue atabwera ndi kamvedwe katsopano ka integral mu 1902. Pomanga pa ntchito imeneyo, Guido Fubini wa ku Italy adatsimikiza mu 1907 theorem imene lero ili ndi dzina lake. M'mawu osavuta ikuti: chotsani zizindikiro zonse za negative pa function yanu, muone kukula kwake kokha, ngati integral ya kukulako pa dera lonse ili nambala yeniyeni yokhala ndi malire, sinthani ndondomeko mmene mukufunira, yankho likhala limodzi. Mu 1909 mnzake wa ku Italy komweko, Leonida Tonelli, adaonjeza kuti function ikakhala yosatsika pansi pa 0, njira ziwirizi zimagwirizana nthawi zonse, ngakhale yankho litakhala lopanda malire. Ziwirizi zimagwira ntchito limodzi: ya Tonelli imakuthandizani kuyesa kukula kuja m'njira imene yakuphwekerani, kenako ya Fubini imakupatsani chilolezo.

Fubini adabadwira ku Venice mu 1879, ndipo adaphunzitsa zaka zambiri ku Turin. Anali Myuda. Boma la Mussolini litakhazikitsa malamulo osala Ayuda mu 1938, adataya ntchito yake, ndipo mu 1939 adasamukira ku America ndi banja lake, kukagwira ntchito ku Princeton. Adamwalira ku New York mu 1943. Dzina lake mumalilemba pamayeso ngati chidule cha lamulo, koma ndi bwino kudziwa kuti linali la munthu amene dziko lake lidamukana atalitumikira moyo wake wonse.

Kwa inu a chaka chachiwiri, zimene muyenera kuyang'ana n'zochepa. Function ikakhala continuous pa dera lonse, kuphatikizapo m'mphepete mwake, ndipo deralo lili lotsekedwa mbali zonse, muli pabwino. E pawa y sikweya pa makona atatu aja akukwaniritsa zimenezi, n'chifukwa chake yankho lathu la 0.859 ndi lodalirika. Mutsegule maso pamene pansi pa fraction pakhoza kukhala 0 penapake m'dera, kapena pamene malire akupita ku infinity, makamaka function ikamasinthasintha pakati pa positive ndi negative. Ndipo polemba mayeso, chiganizo chimodzi chonena kuti function ndi continuous pa derali, choncho theorem ya Fubini ikutilola kusintha ndondomeko, chimaonetsa wochonga kuti mukudziwa chimene mukuchita.

Nali funso loti mulimbane nalo sabata ino. Lembani. Kunja 0 mpaka pi. Mkati x mpaka pi. Function ndi sine y kugawa ndi y. Kenako dy, kenako dx. Ndibwereze: kunja 0 mpaka pi, mkati x mpaka pi, sine y kugawa ndi y, dy dx. Sine y kugawa ndi y nayenso ali m'gulu la Liouville lija, ndiye musavutike kufunafuna integral yake m'matebulo. Muona kuti pansi pa fraction pakukhala 0 pa kona imodzi ya dera, choncho musanasinthe ndondomeko dzifunseni kuti sine y kugawa ndi y amayandikira nambala iti y akamayandikira 0, komanso ngati function imeneyi imatsika pansi pa 0 paliponse pakati pa 0 ndi pi. Yankho lomaliza ndi nambala yathunthu yosafika 5. Tidzaliunika limodzi sabata yamawa nthawi ngati yomwe ino, tisanalowe mu polar coordinates.

[Nyimbo yotsekera]